Mame Otsala Dzuwa Litakwera

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu timaunena tikafuna kudzilimbitsa mtima. Mayi akaona kuti ufa watsala pansi pa thumba koma pakhomo pafika alendo, amauzidwa kuti apirire, aphike ndithu, nkhuku imene amasungira Khirisimasi igwidwe, ana akagone kukhitchini kuti mlendo apeze chipinda. Zonsezi zimatheka chifukwa aliyense akudziwa kuti n'za masiku ochepa. Ulemu umene timapatsa mlendo ndi wokwera mtengo, ndipo timaukwanitsa podziwa kuti Lolemba kapena Lachiwiri tidzamuperekeza pa siteji ya basi, titamunyamulira kathumba ka mtedza. Mwambiwu uli ndi chifundo, koma mkati mwake mulinso kalendala.

Makolo sadatisiyire mwambi wa mame amene dzuwa lafika paliwombo iwo akadali pa udzu. Koma alipo. Sindikunena za oona malo amene amabwera mu Ogasiti, nakapsa ndi dzuwa ku Cape Maclear sabata ziwiri, kapena achinyamata a Peace Corps amene amawerenga miyezi yawo kuyambira tsiku lofika. Ndikunena za azungu amene adabwera kudzagwira ntchito ya zaka ziwiri kapena zitatu, lero imvi zili mbuu akadali konkuno: dokotala pa chipatala cha mishoni, mphunzitsi ku St Andrew's kapena ku Bishop Mackenzie, woyang'anira munda wa tiyi ku Thyolo, sisitere wa ku Italy, mayi wa ku Holland wokwatiwa ku Area 25, mwini malo ogona alendo ku Nkhata Bay.

Ndinene msanga, wina asanandifunse ngati ndasowa anthu owamvera chisoni. Ambiri mwa anthuwa sagona ndi njala. Ali ndi galimoto, mpanda wa njerwa, thanki ya madzi ndi pasipoti yotsegula zitseko zimene Mmalawi amagogoda mpaka zala kutupa. Mnyamata wa ku Mangochi amene akugona m'kachisakasa ku Johannesburg, mtima uli m'mwamba poopa apolisi ndi ulendo wa ku Lindela, atamva kuti mzungu wa ku Namiwawa ali ndi mavuto angaseke mpaka kugwa, ndipo sangalakwe. Komabe pali vuto lina limene ndalama siichotsa, mwinanso imalikulitsa. Limeneli ndi loyenera kuti tiliyang'ane, chifukwa theka lake timaliumba ndife, ndi manja athu aulemu omwewa.

Wobwera kumene amadandaula za magetsi, madzi ndi mafuta. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta yakhala ikubwera ndi kupita kuyambira masiku a 2011. Wokhalitsa sazitchulanso zimenezi. Adaika sola padenga, zigubu zili m'galaja, ndipo ali ndi nambala ya mnyamata wa pa pampu amene amamuimbira mafuta akangofika. Awa ndi mavuto a tonsefe, ndipo iye amawapeputsa ndi thumba lake. Ngakhale kugwa kwa kwacha sikuwagunda mofanana: ndalamayi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wolandira madola adadzuka ali wolemerako, pamene mphunzitsi kapena mmishonale wolandira makwacha adapeza tikiti yokaonera mayi ake yamuthawa usiku umodzi.

Chimene chimamusowetsa tulo wokhalitsa ndi pepala. Wolembedwa ntchito amakhala m'dziko muno ndi chiphaso cha zaka ziwiri, chimene onse amangochitchula kuti TEP. Wochita bizinesi amapeza cha zaka zisanu. Zaka ziwiri zimamveka zambiri kwa wongofika, koma wokhalitsa amadziwa kuti chaka choyamba chikangotha ayenera kuyambanso kusonkhanitsa makalata, zithunzi, masatifiketi ndi umboni wakuti palibe Mmalawi amene akadagwira ntchitoyo. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo dziko lililonse lodzilemekeza limalifunsa. Koma taganizani kuyankha kuti muli kuno chifukwa chiyani, zaka ziwiri zilizonse kwa zaka makumi awiri, pamaso pa kalaliki amene adali ku pulayimale pamene inu mumafika. Fayilo ikalowa amadikira, kalisiti kali m'chikwama. Mayankho ake tonse timawadziwa, poti nafenso amatiyankha chimodzimodzi: abwana atuluka pang'ono, netiweki yavuta, mubwerenso Lachinayi.

Chiphasocho n'chomangirira pa ntchito. Bungwe likatseka, chilolezo chokhala m'dziko chimatsekeredwa momwemo. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa ntchito za USAID, amene adavutika kwambiri ndi Amalawi, odwala ndi antchito omwe. Koma Mmalawi wochotsedwa ntchito adatsala ndi mudzi wake, pamene mnzake wachizungu wa mu ofesi yomweyo adataya ntchito, nyumba, sukulu ya ana ndi dziko pa kalata imodzi. Wina ati, bwanji osapempha unzika? Mpaka mu 2018, pamene Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo, munthu wamkulu sankaloledwa kukhala nzika ya Malawi ndi ya dziko lina nthawi imodzi, ndipo si ambiri amene adali okonzeka kutaya pasipoti ya kwawo kuti atenge yathu. Ndani wa ife angawadzudzule ndi mtima woona? Malamulo a malo nawo adakhwimitsidwa mu 2022 kuti amene si nzika asamagule malo. Munthu atha kubzala mango pa nyumba ya lendi, n'kudya zipatso zake zaka khumi, osaiwala ndi tsiku limodzi lomwe kuti mtengowo ndi wa eni.

Pepala limaphunzitsanso munthu kusunga pakamwa. Akuluakulu amakumbukira nthawi ya Kamuzu, pamene mlendo ankatha kuuzidwa lero kuti mawa akhale atatuluka m'dziko. Mu 1992, kalata ya Aepiskopi a Chikatolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, Bambo John Roche a ku Ireland, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa mwezi wotsatira. Mu Epulo 2011, zipani zambiri zitabwera kalekale, boma la Bingu wa Mutharika lidapitikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha mawu amene adalembera akuluakulu ake ku London. Ngati wa mbendera pa galimoto angauzidwe kuti alongedze, kuli bwanji mphunzitsi wa masamu? Choncho wokhalitsa amakhoma msonkho mwezi ndi mwezi, savota, ndipo za ndale amazikamba chapansipansi, kuseri kwa mpanda, ndi anzake okhaokha. Kwa eni kulibe mkuwe.

Za mapepala zimabwera mwa apo ndi apo. Chimene amadzuka nacho tsiku ndi tsiku ndi khungu. Mlendo wa ku Zambia kapena ku Mozambique akangodziwa kalankhulidwe kathu amasungunuka pakati pathu, ndipo pakapita zaka zochepa palibe wokumbukira kuti adachokera kuti. Mzungu sasungunuka. Ana amene akumuthamangira lero akufuula kuti “Azungu! Azungu!” ndi ana a aja adamufuulira atangofika. Pa chipata cha apolisi pamsewu amamufunsa ngati akusangalala ndi Malawi, chonsecho iye adafika m'dziko muno wapolisiyo asanabadwe. Pamsika wa Limbe mulu wa tomato umakwera mtengo akangoima, ndipo akanenerera anthu amadabwa kuti wolemera chotere akulimbirana makobidi. Ndiye pali funso lija timafunsa mwachikondi, osadziwa kuti limabaya: “Kwanu mudzapita liti?”

Taonani mmene timamukhazikira pamaliro. Wabwera kudzalira wantchito wake wa zaka zambiri, mwina akufunitsitsa kukhala pansi ndi anthu. Sizitheka. Mnyamata amathamanga kukabwereka mpando kunyumba ya ahedi, ndipo mlendo amakhazikidwa pamthunzi, pafupi ndi amfumu, abusa ndi akhansala. Nthawi ya chakudya ikakwana amamutengera m'nyumba, kumupatsa mpunga wa nkhuku ndi supuni, chitseko n'kutseka, pamene kunja anthu akupisa m'mbale imodzi ya nyemba. Palibe chimene talakwa. Tamulemekeza monga tidaphunzitsidwira. Koma nkhani zenizeni za mudzi sizikambidwa pa mipando. Zimakambidwa pa moto wa usiku kusiwa, kumanda kumene adzukulu akukumba ndi nthabwala zawo zosayenera makutu a abusa, ndi kuseri kumene amayi akuomola nsima. Munthu wokhala pa mpando nthawi zonse amaudziwa mudzi mmene umaonekera pa tsiku la alendo basi.

Chinenero nacho timamumana mwaulemu. Akati “Muli bwanji?” timasekerera ndi kuwomba m'manja ngati mwana wayamba kuyenda, kenako n'kumuyankha m'Chingerezi, pofuna kumupeputsira komanso kuonetsa kuti nafenso kusukulu tidapitako. Akalakwitsa sitimukonza, poti mlendo sakonzedwa. Zaka zimapita, Chichewa chake chikadali cha moni ndi cha pamsika. Apa mlandu sindingawachotsere wonse. Alipo ambiri amene moyo wawo umangozungulira pakati pa Area 10, ofesi ya ku City Centre, sitolo yaikulu ndi kalabu, amene amatha zaka khumi osadziwa kupepesa maliro. Kuti n'zotheka zidaoneka kalekale: David Clement Scott adafika pa mishoni ya Blantyre mu 1881, ndipo pofika 1892 adali atasindikiza dikishonale ya Chimang'anja imene akatswiri akadaitsegulabe lero. Iye adalibe sitolo ya mitengo yolembedwa kale kumene munthu amagula osatsegula pakamwa. Wa lero ali ndi foni yomulola kukhala ku Zomba thupi lokha, maso ndi makutu zili ku Manchester.

Komanso mlendo sitimukanira pamaso. Akafunsa ngati ntchito itha Lachisanu timati tiyesetsa. Mmalawi aliyense amene ali pomwepo wamva kale kuti sizitheka, koma iye amalemba m'buku. Akabweretsa ganizo losathandiza pamsonkhano onse amagwedeza mitu, n'kukalikana mwa kusalichita. Iye amati anthu kuno ndi osadalirika. Ife timati ndi waukali, wopanda umunthu, chifukwa amakana poyera ndiponso amalowa m'nkhani asanafunse za kunyumba. Wokhalitsa amaphunzira kumva zimene sizinanenedwe, koma chimodzi chimamuvutabe: sadziwa amene angamuuze zoona akalakwa. Timati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo timamulola kumeta aliyense. Iye womumeta alibe.

Kenako ndalama. Nyumba ya mzungu siikhala ya banja limodzi. Pali mlonda wa usiku, wa m'dimba, wophika, mwina ndi wolera ana, ndipo kumbuyo kwa aliyense kuli mudzi. Chaka chili ndi nyengo zake za kugogoda pakhomo: fizi mu Seputembala, feteleza mu Novembala, chimanga mu Januwale ndi Febuluwale, pamene bokosi la maliro lilibe nyengo. Munthu amene kwawo adali wantchito wamba, wokwera basi, amapezeka wasanduka banki, chipatala ndi ofesi ya chithandizo. Akapereka amadandaula kuti akuzoloweretsa anthu kupempha. Akakana sagona, podziwa kuti ndalama imene wakaniza ndi yomwe adzalipire chakudya chamadzulo ku lesitilanti Loweruka. Pang'onopang'ono mumtima mumamera kachikayiko koipa: mnzangayu, amene takhala tikucheza bwino miyezi yonseyi, tsiku lake lopempha lifika liti? Likafika, amaona ngati ubwenzi wonse udali msampha.

Apa ndi pamene mbali ziwirizi zimaphonyana kwambiri. Kwawo ubwenzi amausunga kutali ndi ndalama. Kubwereka kwa mnzako n'kuuika pachiswe. Kwathu kupemphana ndiye chizindikiro chakuti ubale wakhwima. Mchere supempha kwa munthu wodutsa m'njira. Kupatsa n'kuika, ndipo amene wakupempha lero wakutsegulira khomo loti nawenso udzamupemphe mawa. Tsono mzungu sapempha. Galimoto ikafa amaimbira makaniko, akadwala amaimbira a inshuwalansi, akasowa womusiyira mwana amalemba munthu ganyu. Zonse zimene ife timathetsa ndi anthu iye amathetsa ndi ndalama, ndipo potero amatseka njira yokhayo imene tikadamubwezera. Munthu amene safuna kanthu kwa iwe sangakhale mbale wako. Angakhale bwana, kapena mlendo. Mmene ndaonera ine, azungu ochepa amene adalowadi pakati pa anthu si amene adapereka zambiri. Ndi amene tsiku lina adasowa, naoneka kuti asowa: mayi amene mwamuna wake adamwalirira kuno, amayi a Mvano n'kumugonera m'nyumba, bambo amene bizinesi idamugwera, nayamba kutenga ndiwo pangongole kwa oyandikana nawo.

Tisaiwale kuti mpandawu adayamba kumanga ndi agogo awo. Mlendo woyamba uja sadakamuke. Adatenga minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, nabweretsa msonkho wa nyumba ndi thangata, ndipo m'makalabu ake munthu wakuda ankalowa ndi thireyi m'manja basi. Kuukira kumene kudachitika ku Magomero mu 1915 kudaphuka pa nthaka imeneyi. Mzungu wa lero sadachite nawo, ndipo ena zimawawawa kulowa m'malo amene sadasankhe: akangoima pakhomo, nkhalamba ya msinkhu wa bambo awo imavula chipewa n'kuwatcha bwana kapena dona. Koma ulemu wathu kwa iye si chikondi chokha. Mulinso kuchenjera kwa anthu amene adaphunzira kuti mlendo wa mtundu uwu ndi bwino kumusunga pa mpando, pooneka bwino, kusiyana ndi kumulowetsa kuchipinda.

Poti kwa eni mudzi amangofika pakhonde, amatembenukira kwa azungu anzake, ndipo kumeneko mwambi uja umapherezera ndithu. Akazembe, a m'mabungwe, aphunzitsi, ambiri amakhala zaka ziwiri, zitatu, zinayi. Juni ndi Julayi, sukulu za ana awo zikamatsekera, ndi miyezi ya maphwando otsanzikana ndi mindandanda ya katundu wogulitsa pa WhatsApp: firiji, mabedi, njinga ya mwana, ndi pempho loti wina atenge galu ndi wophika wokhulupirika. Wokhalitsa amagula firiji, amatenga galu, amaperekeza anzake ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Mu Ogasiti kumabwera atsopano ndi mafunso omwe aja a malungo, likodzo la kunyanja ndi kumene kumapezeka tchizi. Zikabwerezedwa kangapo amatopa, ndipo akakumana ndi watsopano amayamba n'kufunsa kuti, “Mukhala nthawi yaitali bwanji?” Yankho likakhala zaka ziwiri, dzina salisunga n'komwe. Ndi funso lathu lomwe lija, likutuluka m'kamwa mwa munthu amene limamubaya.

Bala lalikulu ndi ana. Mwana wobadwira ku Blantyre, woleredwa pamsana pa mayi wa ku Ntcheu, wodziwa kutema nsima ndi kukwera phiri la Mulanje, amafika zaka 18 n'kukwera ndege kupita ku dziko limene pasipoti yake imati ndi kwawo, kumene adangopondako pa tchuthi. Kumeneko khungu limamubisa koma khalidwe limamuulula: nthabwala za anzake sazimva, ndipo amapatsa moni anthu osawadziwa mpaka kuwaopsa. Malamulo nawo amamuona ngati wachilendo. Ku Britain, kuti wophunzira alipire fizi ya eni dziko pa yunivesite, kawirikawiri ayenera kukhala m'dzikomo zaka zitatu asanayambe, ndipo unzika wotengera kwa kholo sungodutsa wokha kufika kwa mdzukulu wobadwiranso kunja. Nkhaniyi si ya lero. Mmishonale Robert Laws ndi mkazi wake Margaret adataya ana angapo ali makanda, ndipo mmodzi yekha amene adapulumuka, Amelia, adampatsa dzina lachiwiri lakuti Nyasa, n'kumutumiza ku Scotland akadali wamng'ono. Makolo a lero ali ndi vidiyo ya pafoni m'malo mwa kalata yoyenda miyezi, koma nyumba imakhala zii chimodzimodzi.

Kwinaku makolo a wokhalitsa uja akukalamba. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kulibe ndege yolunjika ku Ulaya. Ayenera kudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo foni ya pakati pa usiku ikalira, pakati pa iye ndi bedi la mayi ake pamakhala tsiku lathunthu ndi ndalama zambiri. Mu 2020, ndege zitaimitsidwa kuyambira Epulo chifukwa cha Covid-19, ena adaonera maliro a makolo awo pa kompyuta. Abale otsala kwawo, amene akusambitsa ndi kudyetsa nkhalambayo, sanena zambiri, koma tsiku lina mawu amatuluka: iwe udasankha dzuwa, ntchito udatisiyira ife. Mawu otere si achilendo kwa ife. Timawanena kwa achimwene a ku Leeds ndi ku Dublin amene amatumiza ya bokosi koma kumanda safika.

Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Wokhalitsa amaukhulupirira mwambiwu mpaka atauyesa. Amapita kutchuthi nkhani zili tho, n'kupeza kuti abale amamvetsera pang'ono, kenako akufunsa ngati amaona mikango. Amaima m'sitolo pamaso pa mitundu yosawerengeka ya sopo, mutu n'kuyamba kuzungulira. Boma lake nalo lidamufufuta mwakachetechete. Ku Britain, chithandizo chaulere cha NHS chimayendera kukhala m'dzikomo, osati pasipoti. Penshoni ya boma la Britain kwa wokhala ku Malawi imaima pa mlingo umene idayambira, siikwera chaka ndi chaka monga ya anzake otsala kwawo. Mpaka Januwale 2024, amene adakhala kunja zaka zoposa 15 sankaloledwa ngakhale kuvota. Wa ku America ndiye lake ndi lotembenuka: dziko lake silimuiwala, limafuna kuti alembe za msonkho chaka chilichonse kulikonse kumene ali, ndi kuulula maakaunti ake a kunja ndalama zikapitirira madola 10,000. Laws uja adatumikira kuno zaka 52, kuchokera mu 1875 mpaka mu 1927. Adabwerera ali nkhalamba ku dziko limene adalisiya ali ndi zaka 24, ndipo atamwalira mu 1934 adaikidwa ku Aberdeen, kutali ndi Khondowe kumene adathera mphamvu zake.

Ife tili ndi amtchona athu, aja adapita ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia, nakalambira konko. Ambiri sadakhale pansi tsiku lina n'kugamula kuti sadzabwereranso. Ankangoti chaka chamawa. Mzungu wokhalitsa nayenso ndi wa chaka chamawa: kontilakiti inanso imodzi, mwana amalize sukulu kaye, ntchito ifike pabwino. Kusiyana n'kwakuti mtchona wathu adatsekeredwa ndi manyazi obwerera chimanjamanja, pamene uyu wamangidwa ndi khonde lalikulu, dzuwa, ndi kudziwa kuti kuno ndi munthu wodziwika, koma kwawo ndi nkhalamba ina chabe pa mzere wa basi.

Thupi ndilo limadzagamula. Malungo adawazolowera, koma mtima, khansa ndi chiuno chothyoka zimafuna zipatala zimene ngakhale nduna zathu zimakazifuna ku South Africa ndi ku India. Inshuwalansi yolipira ndege yonyamula wodwala kupita ku Johannesburg kapena ku Nairobi imakwera mtengo munthu akamakula, mpaka penshoni yoima ija siikwanitsanso. Choncho ambiri, ngakhale aja ankalumbira kuti adzafera kuno, ukalamba ukagogoda amalongedza. Mlonda amene adakalamba naye limodzi amamusiyira kalata ya umboni ndi ndalama ya malata. Amalonjeza kudzabweranso, ndipo ena amabweradi kamodzi. Sindiwaweruza. Koma anthu amaona, n'chifukwa chake wotsatira akafika n'kunena kuti iye ndiye wadzakhazikika, amangomwetulira n'kutuma mwana akatenge mpando.

Alipo amene adawoloka. Bambo Claude Boucher adachokera ku Canada mu 1967, nakhazikika pa Mua kumene adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Adaphunzira Chichewa cha pabwalo, adalowa m'miyambo ya eni nthaka, ndipo anthu adawapatsa mfunda, n'kumawatcha Achisale. Ku Thyolo kuli mabanja amene ali pa minda ya tiyi kuyambira m'zaka za m'ma 1920, monga a ku Satemwa, amene kwina kulikonse ndiko angakhale alendo. Pa mishoni zakale monga Likuni ndi Nkhoma pali manda a amene sadabwerere. Koma wansembe ali ndi mwayi umene ena alibe: alibe mwana womukokera kunja, ndipo ntchito yake imamuika pamaliro ndi pamaukwati sabata ndi sabata.

Munthu wamba amawolokera pa tinthu ting'onoting'ono tosajambulika. Tsiku lina amakana mpando, ndipo eni mudzi, atalimbana naye pang'ono, amamusiya akhale pansi. Dzina lake limawerengedwa pa mndandanda wa chipepeso pakati pa mabanja ena, popanda woombera m'manja. Pamsika amayamba kumukalipira akanenerera mopitirira. Nkhuku amasiya kumuphera. Akafika nthawi ya nkhomaliro amangomuuza kuti asambe m'manja, ndiwo ndi bonongwe. Ena zimenezi zimawapweteka poyamba, poganiza kuti ulemu watha. Mayi wina wa ku Ulaya, wokwatiwa kuno, amene ana ake adakulira m'dera lathu, adadzuka m'mawa wina n'kupeza amayi a mumpingo ali pakhomo, nkhope zili gwa. Usiku wathawo kudali maliro kuseri kwa msika ndipo iye sadaoneke. Sadampatse moni wa Chingerezi, sadamufunse za kwawo. Wamkulu wawo adangoti: “Nanga inu amake mwana, dzulo kusiwa mudali kuti? Nkhuni za gulu lathu mumati atole ndani? Mawa ndi tsiku lanu lophika, musachedwe.”